Masiku Atatu pa Kaliyala

Chimene chinandipititsa pa ulendo uja ndi pakamwa panga. Ndinali mzamba, wobadwira ku Chipata, ndipo ananditumiza ku Chama chapakati pa zaka za m'ma 1990 ndisakufuna. Ndinafika ndi sutikesi, mbaula, ndi lilime lakuthwa lomwe ngakhale amayi anga anali atalilephera kalekale. Ntchito ndinkaidziwa, pamenepo sindinama. Koma panali funso limodzi lomwe ndinkalandira nalo aliyense wobwera ndi wodwala wofooka, mpaka anzanga a pantchito ankandinyogodola nalo ndikadutsa: "Munali kuti nthawi yonseyi?"

Tsiku lina chakumadzulo, dzuwa la Okutobala litatiphika tsiku lonse, panafika bambo wina akukankha njinga yakuda, akazi awo atawamangirira pa kaliyala ndi chitenje. Mayiwo anali atataya magazi ambiri, ndipo mwana anali atafera kale m'mimba. Ndinayang'ana mayi, ndinayang'ana bambo, mutu wanga unatentha. Ndinawakalipira bambowo pakhonde pomwepo anthu akumva, kuyamba ndi funso langa lija. Ndinati anthu inu mumadikira munthu ayambe kuzizira ndiye muziti tiyeni kuchipatala. Ndinati mwina munayamba mwazungulira kwa asing'anga. Ndinanenanso liwu lina loipa kuposa amenewa, loti mukapha munthu kunyumba musamabwere kudzatipaka ife. Bambo aja anavula chipewa chawo cha mlaza n'kuyang'ana mapazi awo, omwe anali atayera ndi fumbi mpaka m'mawondo. Mfundo ya chitenje chija inandikanika kumasula, ndinachita kudula ndi sizasi. Mayi aja anamwalira diripi yoyamba isanathe.

Sindinapepese. M'mawa mwake ndinawaona bambo aja akutuluka pageti ndi abale awo, ndinatembenuka n'kulowa mu wodi ngati ndaitanidwa. Nkhaniyo inandikhala pamtima chaka chathunthu, ndipo sindinauze munthu.

Chaka chotsatira ahedi a pasukulu ina ya pa boma, bambo wamtali wokonda misonkhano, anabwera ndi nzeru yomanga chidikiro pafupi ndi chipatala chathu, nyumba yoti amayi apakati ochokera kutali azidikiriramo masiku awo akayandikira. Eni masitolo analonjeza malata ndi misomali ngati tingapalase njinga kuchokera pa boma, kudutsa ku Chikwa, mpaka ku Chifunda. M'njira tinayenera kuima m'midzi, kufotokoza za nyumbayo, ndi kupempha njerwa, mitengo ndi mpunga wodyetsa omanga. Ine ndinali woyamba kulembetsa. Anthu anaganiza kuti ndi mtima wabwino, koma ine ndinkadziwa kuti ndi chitenje chija.

Tinanyamuka mu Ogasiti, kutentha kusanafike poipa. Tinalipo khumi ndi awiri: aphunzitsi, akalaliki a m'maofesi, mkulu wa mpingo mmodzi, ndi ine ndekha mkazi. Mlongo wanga anali atanditumizira njinga yachikazi yofiira kuchokera ku Lusaka, ndipo ndinkainyadira mochititsa manyazi. Ndinavala buluku m'kati mwa chitenje. Amayi a m'midzi akationa ankasiya mitondo n'kuthamangira kumsewu, nthungululu zili pakamwa, kudzaona asista akupalasa ndi amuna.

Ndinali nditakhala ku Chama zaka ziwiri, koma Chama yanga inali wodi, msika, tchalitchi ndi nyumba. Chigwa sindinkachidziwa. Titangodutsa minda ya mpunga tinalowa m'nkhalango ya tsanya, mitengo yoongoka yopanda tsamba, yotalikirana bwinobwino, yosatha tsiku lonse. Kumadzulo mapiri a Muchinga ankangooneka obiriwira patali, osayandikira ngakhale upalase bwanji. Kenako mitsinje. Koma inu! Mtsinje waukulu kuposa bwalo la mpira, wopanda dontho la madzi, mchenga wokhawokha woyera wothobwa m'maso, ndipo pakati pake mayi atagwada, mkono wonse uli m'dzenje, akutunga madzi oyera ndi chikho. Pamitsinje yotere tinkatsika n'kukoka njinga, thukuta lili chuchuchu. Ndinkatukwana chamumtima, koma maso anga sankakhuta.

Tsiku lachiwiri, dzuwa litapendeka, tinafika pamudzi wina tisanafike ku Chikwa. Titatha msonkhano, ahedi anatiuza kuti kuyambira pamenepo tilowa m'dera la njovu, ndipo apeza munthu wa pamudzipo woti atitsogolere. Munthuyo anabwera akukankha njinga yakuda, chipewa cha mlaza chili kumutu. Anali bambo aja a pakhonde. Anapereka moni kwa aliyense ndi manja awiri, ndipo atafika pa ine anati, "Monire, asista," monga ananenera kwa ena onse, osawonjeza osachotsa. Ndinati mumtima ndiyankhula nawo mawa.

M'mawa ndinadzuka ndi pampu yanga n'kupopa matayala mpaka analimba gwa, monga timachitira pa tala ku Chipata. Bambo aja anadutsa, anafinya tayala langa ndi chala chachikulu, n'kuima.

"Asista, chotsaniko mpweya pang'ono. Kuno tayala lolimba limadumpha. Ndipo tikafika padambo, tonse titsike, tiyende pansi."

Chinyanja chawo chinali chopendekera ku Chisenga, chofatsa. Akanakhala munthu wina ndikanamvera. Koma ine manyazi akandigwira amasanduka ukali, ndi matenda anga kuyambira ndili mwana. Ndinali nditakonza mawu opepesa usiku wonse, koma chimene chinatuluka ndi ichi: "Dada, njinga ndinayamba kupalasa ndisanamere mano achiwiri." Anangoti, "Chabwino, mama," n'kupita.

Dambolo linali la dothi lakuda. Nthawi yamvula njovu zikamadutsa pamenepo zimatitimira, ndipo dzuwa likabwera mapazi awo amauma momwemo, olimba ngati njerwa yootcha. Dambo lonse linali maenje okhaokha, kanjira kakuzemba pakati pawo, udzu wouma utaphimba ena. Anzanga anatsika mmodzimmodzi. Ine ndinati ndiwaonetse. Ndinapalasa mwina mapazi makumi atatu, njinga ikudumpha monga ananenera, kenako tayala lakutsogolo linalowa m'dzenje n'kuima. Ine sindinaime. Phazi langa lamanzere linaponda m'dzenje lina n'kukanirira, thupi linapitirira, ndipo ndinamva kuti thyo! ngati munthu wathyola nzimbe.

Ndinakuwa, ndinaitana amayi anga omwe anali ku Chipata. Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi china. Atandizula mwendo, ndinagona chammbali nkhope ili pakamwa pa dzenjelo, ndipo ndinaona m'kati mwake. Linali lalikulu ngati lichero, lakuya mpaka m'bondo. Pansi pake panali makwinya onse a phazi la njovu, mizere yopingasana ngati ya m'chikhatho, ndipo kutsogolo kunali zizindikiro za zikhadabo. Chinyama chija chinaima pamenepo miyezi isanu yapitayo mvula ikugwa, ndipo dothi linasunga chilichonse. Ndinayang'ana dambo lonse, maenje mazanamazana mpaka kumitengo, ndinazindikira kuti ndife amene tinkadutsa panjira ya eni ake. Ululu unabweranso, ndinasanza.

Mwendo unali utathyoka pamwamba pa kakolo. Ndinadzipima ndekha, fupa silinatuluke, zala zinkagwedezeka. Ndisanatsegule pakamwa kulamula zochita, bambo aja anali atadula kale nsungwi ziwiri n'kusenda luzi. Anandifunsa pomanga, ndinawalozera, anamanga bwino kuposa ophunzira ena omwe ndinawaphunzitsapo. Mmodzi wa aphunzitsi anapalasa kupita kukachipatala kakang'ono ka ku Chikwa kukatumiza uthenga pa wayilesi, ndipo anabwerera masana ndi yankho loti galimoto ya chipatala chathu inapita ku Chipata kukakonzedwa, palibe akudziwa tsiku lobwerera.

Ahedi anati ulendo uthere pomwepo, tonse tibwerere. Pamenepo lilime langa linagwirako ntchito yabwino kamodzi. Ndinati, "Ahedi, inu mukufuna ndithyoke mwendo ulele? Malata aja ali ku Chifunda, sali pamwendo panga. Kwerani njinga, musandiyang'ane ngati maliro!" Anakangana nane pang'ono, koma kukangana ndi ine kunali kutaya nthawi. Funso linatsala loti andibweza ndani.

"Ndiwaperekeza ndine," anatero bambo aja. "Njira ya kuchipatala ndimaidziwa."

Sananene mokhadzula. Koma mawuwo anandilowa kuposa fupa lothyoka.

Mmene anakonzera njinga yawo ndinaonerera kukamwa kuli yasa. Anatsitsa chishalo mpaka pansi. Pa kaliyala, yomwe inali yowotcherera ndi zitsulo zonenepa, anayala thumba lopinda ndi bulangeti. Anamanga nsungwi yaitali m'mbali mwa felemu kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, kuti mwendo wanga ugonepo woongoka. Mtengo wina anaupingasa pa mahandulo, wotulukira mbali zonse, kuti anthu awiri azikankha wina uku wina uku. Anachotsako mpweya m'matayala. Atandikhazika, anatenga chitenje changa, anandizunguliza nacho m'chiuno, n'kuchimangirira kuchitsulo cha chishalo kuti ndikakomoka ndisagwe. Ndinayang'ana mfundoyo ndipo ndinaizindikira. Inali yomwe ija inandikanika pakhonde.

Tinayenda masiku atatu. Mlamu wawo anagwira mbali ina ya mtengo kuchokera pamudzi pawo, koma sanafike patali, chifukwa kuchigwa kuli mwambo womwe sindinkaudziwa. Wodwala akamadutsa pamudzi, amuna a pamudzipo amasiya zomwe akuchita n'kulandira njinga mpaka pamudzi wotsatira. Palibe wopempha. Tikamatulukira, wina ankangokuwa, ndipo munthu ankatsika padenga pomwe amafolera, wina ankasiya msampha wa nsomba womwe amaluka, n'kubwera akupukuta manja. Amene atifikitsa ankamwa madzi n'kubwerera kwawo wapansi. Pamitsinje ya mchenga, pomwe tayala silingayende, ankalowetsa mitengo iwiri pansi pa felemu, amuna anayi n'kunyamula njinga ndi ine ndemwe pamapewa. Ndinkayandama pamwamba pa mchenga woyera uja ndikumva kupuma kwawo, anthu oti sindinawaonepo, ena mwa iwo mwina ndinawakalipirapo pakhonde. Mbali yamanja ya mtengo wa pa mahandulo inasinthana manja osawerengeka. Mbali yamanzere, kumene kunali mwendo wothyoka, bambo aja sanaipereke kwa munthu.

Ululu wake musandifunse. Ndinali ndi mapiritsi ochepa m'chikwama, ndinkawadula pakati kuti akwane. Muzu uliwonse, mwala uliwonse, ndinkaumva m'mutu. Akashembe, ntchentche zoluma za m'thengo, ankandiluma kumsana kupyola bulauzi, ndipo sindikanatha kuwathamangitsa chifukwa manja onse anali atagwira chishalo. Mwendo unatupa n'kuda. Pamudzi uliwonse amayi ankandimasula, kundinyamula kupita nane kuseri, kundigwirizira ngati mwana, kenako kuika mwendo wanga pamtondo wogoneka n'kuuphimba ndi nsalu yonyowa. Ine amene ndinazolowera kuvula anthu ena, ndinaphunzira kuvulidwa. Ankandimwetsa thobwa, ankandiseka kuti asista akulira ngati wa mimba yoyamba, ndipo ndinkaseka nawo misozi ili m'masaya. Mayi wina wamng'ono, mimba ili kutsogolo, anandigwira dzanja n'kufunsa ngati nyumba ija idzamangidwedi. Ndinati idzamangidwa, ngakhale sindinkadziwa ngati anzanga afika ku Chifunda.

Panjira ndinkafunsa ngati mwana kuti tatsala pang'ono kapena ayi. Yankho linali limodzi, loti pang'onopang'ono, m'chinenero chawo: "Pachokopachoko, mama." Nthawi zina ndinkafuna kuwagenda nalo yankho limenelo.

Sitinkanyamuka m'bandakucha. Bambo aja ankadikira dzuwa likwere kaye, kuti njovu zomwe zinapita kumadzi ndi kuminda zibwerere kuthengo. M'thumba la malaya ankasunga kansalu komanga phulusa. Tikayandikira mtsinje kapena malo owirira, ankaima, kugwedeza kansaluko, n'kuona komwe phulusa likupita. Ndinkaona ngati zachikale, mpaka tsiku lachiwiri.

Tinali titatsikira pagombe la mtsinje wina waukulu, amuna anayi atakonzeka kundinyamula. Bambo aja anagwedeza phulusa, linabwerera kumaso kwathu. Kenako anakweza dzanja. Ine sindinaone kanthu, sindinamve kanthu, ndinangoona amuna onse ataumiratu pomwe anali. Ndiyeno tsidya lina, patsogolo pathu pang'ono, mitengo inatseguka, njovu yaikazi inatsikira pamchenga.

Ndinali nditaonapo njovu pazithunzi za m'makalendala, ndiponso nyama yake pambale. Sindinkadziwa kuti imayenda mopanda phokoso. Chinthu chachikulu ngati nyumba, koma phazi likatera pamchenga osamveka ngakhale pang'ono. Inaima, inakweza chitamba, inanunkhiza mphepo yomwe sinali ndi fungo lathu. Pambuyo pake panatsika zina, ndinawerenga zisanu ndi zinayi kenako ndinasiya. Pakati pawo panali kamwana kofika m'chiuno mwa munthu, kakupunthwa pa chitamba chake chomwe. Yaikulu ija inayamba kukumba mchenga ndi phazi, kenako ndi chitamba, monga ankachitira mayi uja ndi chikho, mpaka madzi anatuluka. Inamwa, n'kupatuka kuti kamwana kamwe. M'mimba mwake munkamveka kugunda kwapansipansi komwe ndinakumva m'chifuwa changa kuposa m'makutu. Ndinali nditamangidwa panjinga, mwendo uli pansungwi, wosatha kuthawa ngakhale phazi limodzi, koma sindinachite mantha monga ndinkayembekezera. Ndinangoti chamumtima, Mulungu wanga, kodi zinthu izi zimachitika tsiku lililonse kuno ine ndili mu wodi? Nthawi yonse imene zinali pamenepo mwendo sunandipweteke. Zitakwera gombe n'kulowa m'mitengo, tinadikirabe nthawi yaitali. Bambo aja anagwedezanso phulusa, n'kunena kuti tiyeni.

Madzulo ake ndinayamba kuwerengera. Ndinawerenga mitsinje yomwe tinawoloka, midzi yomwe inatilandira, amuna omwe anatinyamula. Ndinaganiza za mayi wapakati atakhala pomwe ndinakhala ine, osati ndi fupa lothyoka lokha koma mwana atapingasa, magazi akutsika pa kaliyala. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kuyankhula, koma nthawi zonse pafupi panali anthu, ndipo ine ndinkakondwera kuti alipo.

Tsiku lachitatu masana tinafika pomwe minda ya mpunga imayambira. Amuna a mudzi wotsiriza anali atabwerera, chifukwa kuchokera pamenepo msewu ndi wouma, munthu mmodzi akhoza kukankha. Tinapuma pansi pa mtengo wa bwemba, awiriwiri. Anatsamiritsa njinga kumtengo ine ndili pomwepo, anandipatsa madzi, n'kukhala pamuzu. Malata a pa boma ankanyezimira patali. Ndinadziwa kuti ndikapanda kunena pano sindidzanenanso.

"Dada, mukundikumbukira?"

"Ndikukukumbukirani, asista."

"Tsiku lija, munanyamuka liti kumudzi?"

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anati zowawa zinayamba m'mawa wa dzulo lake, ndipo azamba a m'mudzi anayesetsa mpaka dzuwa litapendeka, pomwe anatuluka n'kunena kuti zawakanika. Bambowo anamanga njinga nthawi yomweyo n'kunyamuka dzuwa likulowa, ndi mlamu wawo yekha. Usiku midzi inali itagona, ndipo kudzutsa anthu kukanawadyera nthawi, choncho pamitsinje ankabereka akazi awo kumsana, mlamu akukoka njinga. Pamtsinje womwe tinaona njovu uja anazimva mumdima zikuthyola mitengo. Phulusa silioneka usiku. Ananyowetsa chala ndi malovu, anamva komwe mphepo ikuchokera, n'kuwoloka. Kutacha anthu anayamba kuwalandira, ndipo pomwe panali pouma ankathamanga.

Ndinawerenga ndi zala. Njira yomwe inatitengera masiku atatu, ndi midzi yonse ikutithandiza, bambo awa anaidula usiku umodzi ndi usana umodzi. Sindikhulupirira kuti panali munthu wina m'chigwa chonse amene akanafika msanga kuposa pamenepo. Ndipo atafika, atayera ndi fumbi mpaka m'mawondo, anapeza ine.

Ndinalira mokweza, mosasamala. Ndinati, "Dada, ndinakulakwirani. Mawu aja anali oipa, ndipo anali abodza. Ndikhululukireni."

Anadikira ndithe. Kenako anati, "Ndamva, mama." Anatembenuza chipewa m'manja kangapo. "Funso lanu lija ndayenda nalo chaka chonse. Ndikamalima ndimaganiza, ndikagona ndimaganiza. Ndimati mwina pamtsinje paja ndinaima nthawi yaitali. Mwina ndikanadzera njira ya kumunsi. Manje ulendo uno ndayang'ana paliponse, mtsinje uliwonse, kufuna pomwe ndikanadula. Sindinapapeze. Koma ine sindinaphunzire. Inu ndi amene mumadziwa za amayi. Ndiuzeni zoona, asista. Ndinachedwa?"

Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira chomwe ndinachita. Ine ndinkaganiza kuti ndinawachititsa manyazi pagulu, basi. Koma iwo anatenga mawu a mzamba ngati chigamulo, n'kupita nawo kumudzi pamodzi ndi mtembo. Ana awo atatu ankaleredwa ndi munthu wokhulupirira kuti anapha amayi awo ndi miyendo yake.

Ndinapukuta nkhope, ndinakhala tsonga momwe ndikanathera, ndipo ndinayankhula ndi mawu anga a kuntchito, omwe aja ndinawakalipira nawo, chifukwa ndi amene akanawakhulupirira. Ndinati, "Bambo, ndimvereni bwino. Mmene mwana anagonera m'mimba muja, akazi anu ankafunika kukhala pafupi ndi chipatala zowawa zisanayambe. Kuyambira pomwe zinayambira kumudzi, palibe njinga, palibe miyendo ya munthu imene ikanakwanitsa. Inu simunachedwe. Munafika msanga kuposa mmene munthu angafikire. Njira ndi imene ili yaitali, ndipo nyumba tikumangayi inayenera kukhalapo kale."

Anayang'ana kuminda nthawi yaitali. Mapewa awo anatsika, ndipo anapuma mpweya wautali womwe ndinaumva ndili panjinga. Anapukuta m'maso ndi chipewa chomwecho, n'kuchivala.

"Yewo, mama," anatero pothokoza. "Tiyeni, mwendo ungatupe kwambiri."

Anzanga anafika ku Chifunda, malata anabwera, ndipo chidikiro chinamangidwa mvula ya chaka chotsatira isanagwe. Ine ndinakhala m'chikhakha miyezi iwiri, ndipo mpaka lero kukazizira ndimatsimphina. Funso lija sindinalifunsenso. Njinga ikalowa pageti ndinkathamangira wodwala, n'kutuma wina kuti apereke madzi ndi mpando kwa amene wakankha.

Koma ndibwerere ku tsiku lija. Titalowa pageti, mnzanga wa mu wodi anatuluka akuthamanga. Ataona kuti ndili moyo, ndipo mwendo watupa ngati mtondo, anagwira m'chiuno n'kuyamba kundinyogodola ndi mawu anga omwe: "Asista, munali kuti nthawi yonseyi?" Anthu a pakhonde anaseka. Ine sindinaseke, ndipo ataona nkhope yanga analeka. Anayesa kumasula chitenje cha m'chiuno mwanga, mfundo inamukanika, anapisa m'thumba n'kutulutsa sizasi.

Ndinamugwira dzanja. Ndinati, "Ayi, usadule. Asiye amasule okha."

Bambo aja anagwada pambali pa njinga, pakhonde lomwe lija. Anakoka nsonga imodzi yomwe inali itabisika pansi, ndipo mfundo yonse inamasuka mosavuta. Anapinda chitenjecho bwinobwino n'kundipatsa ndi manja awiri.